Kudikira Kadamsana ku Petauke

Ndinachoka kwathu ku Mchinji chifukwa chotopa ndi ukamwini. Akuchikazi sanali anthu oipa ayi, kungoti nkhokwe ikapendama ankaitana mkamwini, mbuzi ikalowa m'munda mwa eni ankaitana mkamwini, ngakhale nkhuku ikagwera m'chitsime dzina loyamba kutchulidwa linali langa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita kwa aGelesomu, malume ake a mkazi wanga Nabanda, kukapempha chitengwa. Ndinawapeza akumata tayala la njinga.

"Mukufuna kumutenga?" anatero osadzutsa mutu. "Chabwino, akamwini. Mupita naye kuti?"

"Kwathu."

"Kwanu kuja mumagona asanu pa mphasa imodzi? Pezani kaye nyumba yanuyanu, ya malata, yotseka ndi loko. Mukatero mtondo wake ndidzakunyamulirani ndekha."

Amene anali pamenepo anaseka. Ine sindinaseke. Ndinali mnyamata wa mtima wapachala, ndipo mawuwo ndinawatenga ngati chigamulo cha khoti. Patangotha sabata ziwiri Nabanda anandiperekeza kumsewu, mwana wathu Esinati ali kumbuyo, mtedza wokazinga uli m'kansalu. Ndinamuuza kuti andipatse mvula imodzi yokha.

Cholinga changa chinali kukafika ku migodi, koma ndalama ya basi inathera pa Petauke, kutsidya kwa malire, ndipo kondakitala analibe chisoni. Ananditsitsa ndi kasutikesi kanga masana dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lomwelo anyamata achipani anandiimitsa pachipata cha msika kufuna khadi. Ndinatulutsa lakwathu monyadira, iwo n'kuliyang'ana ngati ndawapatsa tsamba la fodya. Ndinagula lawo. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi makhadi awiri, lina thumba lakumanja lina lakumanzere, ndipo ndisanapise dzanja ndinkayamba ndakumbukira dziko limene ndaimamo.

Ntchito ndinaipeza ku kampani yogula thonje. Anandilemba uloleboyi, kutanthauza wothandiza dalaivala wa lole, ngakhale ndinali ndi ndevu ndi mwana. Tinkagona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi cha kukomboni, nsikidzi zili za tonse. Koma kuseri kwa komboniyo kunali mzere wa timanyumba ta madalaivala: malata pamwamba, chipinda ndi khitchini, loko pachitseko. Lamulo la kampani linali lakuti munthu akangoonetsa laisensi ya lole, amupatse nyumba ndipo abweretse mkazi wake. Nditaona timanyumbato ndinaiwala za migodi.

Dalaivala wanga anali aMwanza, Mnsenga wa ku Nyampande, munthu wamfupi amene ankakhalira thumba lopinda kanayi kuti aone msewu. Tsiku loyamba anandionetsa chipika cha mtengo wa mubanga chopachikidwa ndi waya kumbali ya kumanzere kwa lole.

"Iwe Mnyasa, mvela," anatero. "Motoka iyi handibuleki yake inafa nthawi ya Chitaganya. Nchito yako ni imozi chabe. Tikaima pa chikweza, nikakuwa kuti chipika, lumpha uike pansi pa tayala. Usaganize, usafunse. Ukayamba kuganiza, tafa tonse."

Sindinaganize ndipo sindinafunse. M'zitunda za ku Ndake, kumene tinkakatenga thonje, ndinkadumpha kakhumi pa ulendo umodzi. Pa msewu wa ku Nyimba ndinadumphira m'matope, m'minga, kamodzi pamsana pa nkhumba. Thupi linafika pophunzira lokha. Anzanga a kukomboni anazitulukira zimenezi, ndiye Lamlungu masana ndikangoti ndipumitse msana, wina ankakuwa kuti "Chipika!" ine n'kugwa pabedi ndikufunafuna tayala. Ankaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ndi omwewo amene anandidikira ndi phala pamene malungo anandigwetsa.

AMwanza anali ndi mtima wabwino wobisika m'kamwa moipa. Chaka chachiwiri anayamba kundipatsa chiwongolero pa msewu wa ku Msanzala, kumene kunalibe apolisi. Ankanditukwana pa giya iliyonse, koma pofika nyengo yokolola ndinkabweza lole yodzaza mabelo kulowa nayo m'shedi osakhudza mzati. Kuyendetsa ndinakudziwa. Chinatsala ndi pepala.

Apa ndiye panagona nkhani. Azungu amene ankayesa madalaivala anali atapita kwawo ufulu utabwera. Oyesa achikuda ochepa amene analipo anatengedwa kupita ku msewu wa kumpoto, kumene malole ankatuta mafuta kuchokera kunyanja ya mchere malire a kummwera atatsekedwa. Chigawo chonse cha kummawa chinatsala ndi woyesa mmodzi. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula. Tonse tinkamutcha Kadamsana, chifukwa ankaoneka mwa kamodzikamodzi, kanthawi kochepa, ndipo anthu ankasiya ntchito kukamuyang'ana.

Akabwera pa boma ankayesa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, n'kuyang'ana wotchi, n'kupita. Ofuna kuyesedwa tinali ambirimbiri, ndipo munthu sungaime pa mzere miyezi isanu ndi itatu uli ndi ntchito. Ndiye akuluakulu amene anayamba kudikira ife tisanafike anapangana nzeru. Aliyense ankabweretsa mwala, n'kulembapo dzina lake ndi penti, n'kuuika pa mzere pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi ofesi. Miyala ndiyo inkaima pa mzere, ife tikugwira ntchito.

Woyang'anira miyalayo anali amai Zulu, amene ankagulitsa chakumwa cha munkoyo pansi pa mtengo womwewo. Palibe anawasankha, koma palibenso ankawatsutsa. Lamulo lawo linali limodzi: Loweruka lililonse mwini mwala aonekere. Ukajomba kawiri motsatizana, mwala wako unkapita kumapeto.

"Ine sinisunga myala ya anthu ali ku Lusaka," ankatero. "Ofuna laisensi aonetse nkhope."

Mwalawo unali chuma. Mkulu wina wa ku Msanzala anamwalira mwala wake uli pachitatu, ndipo maliro asanaphwe mwana wake ndi muphwa wake, mwana wa mlongo wake, anafika pa mbawa paja aliyense akuti malowo ndi ake. Anakangana mpaka kugwirana makolala. Amai Zulu anapukuta manja n'kugamula kuti kwa Ansenga cholowa chimapita kwa muphwa, mwana akafunse kwa malume ake. Muphwayo anatenga malo achitatu asakudziwa ngakhale pamene pali kilatchi.

Loweruka lililonse tikaonetsa nkhope kwa amai Zulu tinkapita pawindo la kalaliki kukafunsa. Mayankho ake ndikuwakumbukira ngati katekisimu. Motoka ya bwana yafa. Mlatho wakokoloka. Petulo kulibe. Bwana aitanidwa ku msonkhano. Bwana ali ku malilo. Ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti tiyesenso mwezi wamawa, n'kutseka windo kuti adye mbatata yake mwamtendere.

Kamodzi kunamveka mphekesera yakuti Kadamsana ali pa Nyimba, akudya pa lesitilanti ina. Tinadzazana m'lole ya aMwanza anthu khumi ndi awiri, wina atanyamula tambala. Tinapezadi munthu wa tayi ndi chikwama chachikopa. Tinavula zipewa, tinawomba m'manja, tinapereka tambala. Munthuyo anathokoza bwinobwino, n'kumanga tambalayo ku njinga yake yamoto, kenaka n'kutifunsa ngati ng'ombe zathu zikupita ku dibi. Anali mlangizi wa ziweto.

Ndalama ndinkatumiza kwathu mwezi ndi mwezi, ndipo m'kalata iliyonse ndinkalemba kuti mvula ino yokha. Nabanda sankadziwa kulemba, ankamulembera aphunzitsi a pasukulu ya mishoni. Makalata ake anali aafupi. Esinati wayamba kuyenda. Esinati wagulula dzino. Esinati wayamba sukulu. Kupita kukawaona ndinkakufuna mpaka mtima kuwawa, koma ulendo wa kwathu ndi kubwerera unkadya masabata, ndipo ndinali nditaona zimene zinachitikira aDaka, mnzathu wa kukomboni. Iwo anapita kukaika mlongo wawo, Kadamsana n'kutulukira sabata lomwelo, mwala wawo uli pachiwiri. Anabwera n'kuupeza kumapeto, analira ngati maliro ayambiranso. Ine ndinati zimenezo zisandigwere. Ndinkadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kadamsana anabwera kanayi ndili kumeneko, mwala wanga n'kumasendera. Pa ulendo wachisanu mwalawo unali patsogolo penipeni.

Linali Lachiwiri m'nyengo yozizira, thonje lili pachimake. Uthenga unatipeza ku shedi, aMwanza n'kugwetsa kapu ya tiyi. Tinatsuka lole, tinamanga handibuleki ndi waya kuti izilira kuti kete kete ngati yamoyo. AMwanza anandibwereka jekete lawo la ku tchalitchi, manja ake akuthera pa chigongono.

"Pa chikweza usadalile handibuleki," anandinong'oneza. "Phazi pa buleki, kilachi pang'ono pang'ono, monga nimakuuzila. Ukanichititsa manyazi nizakubweza ku Nyasalande na mapazi."

Kadamsana ndinamuona pafupi koyamba tsiku limenelo. Anali munthu wamtali, woonda, wa suti yotuwa ndi fumbi, maso ali psuu ndi tulo. Ndinamumvera chisoni pang'ono, poti munthu mmodzi ankayenda kuchokera ku Luangwa mpaka ku Lundazi akutukwanidwa m'mitima ya anthu osawadziwa. Anakwera kumanzere, pampando wanga wa masiku onse, n'kuika chikwama pamiyendo.

Zizindikiro za pamsewu ndinayankha zonse. Kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo ndinadutsa ngati ulusi pa singano, anthu n'kuwomba m'manja. Kenaka anandilozera msewu wotsikira kukamtsinje n'kukwera tsidya lina, ndipo khamu lonse la eni miyala linatitsatira wapansi, aMwanza ali patsogolo. Tili pakati pa chitunda Kadamsana anakweza dzanja.

"Imani apa, bambo. Chotsani giya. Manje munyamuke popanda kubwelela m'mbuyo."

Ndinaima. Ndinachotsa giya. Ndinakoka handibuleki ya bodza ija, phazi lili pa buleki. Ndikuti ndinyamuke, lole inasendera m'mbuyo pang'ono chabe, mwina kutalika kwa chikhatho. AMwanza anali m'mbali mwa msewu. Zaka makumi awiri munthuyo anali asanaonepo tayala likusendera m'mbuyo iye n'kukhala chete. Pakamwa panatseguka pokha.

"Chipika!"

Ine sindinaganize ndipo sindinafunse. Ndinatsegula chitseko n'kudumpha.

Ndinazungulira kutsogolo kwa lole ndikuthamanga, ndinamasula chipika pa waya lole ikuyenda kale, ndinaithamangira, ndinadziponya pansi n'kuchilowetsa kuseri kwa tayala. Lole inagwedezeka n'kuima nji. Kunena zoona, pa zaka zonse za uloleboyi wanga sindinaikepo chipika mwaluso ngati tsiku limenelo. Ndinadzuka ndikusasa fumbi pa jekete la aMwanza, ndikuyembekeza kuti anthu awombe m'manja. Kunali zii. Ndipamene ndinakumbukira kuti dalaivala ndinali ine.

Chitseko cha kumanzere chinali chotsegula, pampando palibe munthu. Kadamsana ataona kuti watsala yekha m'lole yobwerera kumtsinje, anachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita. Anadumpha. Tsoka lake, mbali imeneyo kunali kachigwa kodzaza chitedze chokhwima.

Tinamutulutsa bondo litabinya, akudzikanda ndi manja onse awiri. Jekete linavulidwa, tayi inavulidwa, malaya anavulidwa. Amai Zulu anafika ndi dothi lonyowa n'kuyamba kumupaka kumsana ngati mwana wawo, akuuza amuna kuti ayang'ane kumbali. Woyesa wa chigawo chonse anakhala pa mwala m'mbali mwa msewu ali mbuu ndi matope. Atapeza mpweya anandiitana ndi chala.

"Bambo," anatero mofatsa, "ine nayesa anthu ogunda migolo. Nayesa ogunda mitengo. Wina ku Katete anagunda ng'ombe ya mfumu. Koma wotuluka m'motoka n'kunisiya nekha, ndimwe oyamba."

"Koma bwana, lole ndaiimitsa."

"Mwaiimitsa, zoona. Muli panja."

Tsiku limenelo sanayesenso munthu wina. Anamukweza m'galimoto yake n'kupita naye kuchipatala, ndipo ku Petauke sanabwerenso. Ena ankati anapempha kusamutsidwa, ena ankati anasiya ntchito n'kukatsegula golosale. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyala ija inakhala pansi pa mbawa mvula ziwiri osasuntha, mpaka udzu unamera pakati pake.

Mungaganize mmene eni miyala ankandionera. Ndikalowa pa msika anthu ankadzikanda dala. Kukomboni anasiya kundikuwira chipika, ndipo kusandiseka kumeneko kunandipweteka kuposa kundiseka. Amai Zulu ananyamula mwala wanga ndi manja awo n'kukauika kumapeto, kenaka n'kundipatsa kapu ya munkoyo yaulere. AMwanza anakhala masiku atatu osandiyankhula. Tsiku lachinayi tili pa msewu wa ku Ndake anatsokomola n'kunena akuyang'ana kutsogolo.

"Mlandu ni wanga, Mnyasa. Kamwa iyi." Anasintha giya. "Koma unaika bwino."

Kwathu ndinapitiriza kutumiza ndalama, koma makalata ndinasiya. Ndikanalemba chiyani? Manyazi anandigwira. Makalata a Nabanda anabwera atatu, ndinawawerenga, ndinawaika pansi pa sutikesi osayankha. Kenaka anasiya kubwera.

Woyesa watsopano atafika, zinthu zinatha mochititsa manyazi. Anali mnyamata wongochoka kumene ku kosi, wothamangira basi ya masana. Anayang'ana miyala ija n'kufunsa ngati pali manda. Kenaka anatikweza asanuasanu kumbuyo kwa lole, aliyense azungulire bwalo la mpira kamodzi, n'kumasaina mapepala ataimirira. Ku chitunda sitinapiteko n'komwe. Muphwa uja wosadziwa kilatchi anagwetsa mtengo wa pagolo, nayenso anakhoza. Pofika madzulo mzere wa zaka zonse zija unali utatha, ndipo amai Zulu anatola miyala ina kukachita mafuwa.

Kampani inasunga lonjezo. Sabata lomwelo kapitawo anandipatsa kiyi wa nyumba yachinayi pa mzere, n'kundiuza kuti lole yanga idzafika ndikabwerako kotenga banja. Ndinasesa m'nyumbamo, ndinagula mapoto awiri ndi nsalu ya pawindo, n'kukwera basi ya kwathu nditavala jekete langalanga.

M'mudzi ndinasochera. Mitengo imene ndinaisiya inali itadulidwa, ana amene anandithamangira sindinadziwe ndi mmodzi yemwe. Ndinayambira kwa aGelesomu monga mwa mwambo. Ndinawapeza atakalamba, maso atachita ng'ala, njinga akukonza adzukulu. Ndinagwada n'kuwaika kiyi m'manja, ndikufotokoza kuti nyumba ija ndaipeza, ya malata, yotseka ndi loko.

"Nyumba iti?" anafunsa.

Ndinawakumbutsa mawu awo onse, mpaka za mtondo. Anapapasa kiyiyo, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Akamwini inu! Ine ndinkangocheza. Mukanabwera mawa lake ndi nkhuku, ndikanakupatsani mkazi wanu."

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuwamenya, koma munthu sumenya nkhalamba yakhungu. Ndinatenga kiyi wanga n'kufunsa njira ya kwa Nabanda, poti kanyumba kathu kakale kanali katagwa. Anandilozera nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu, malata ali ngwee. Ndalama zimene ndinkatumiza anali atagula nazo malata limodzilimodzi, njerwa anaumba yekha ndi alongo ake.

Ndinamupeza pakhonde akusankha fodya. Mtsikana wamtali amene ankamuthandiza anandigwadira n'kundilandira sutikesi mwaulemu wopatsa mlendo, ndipo ameneyo anali Esinati. Nabanda anandipatsa moni, anandifunsa za ulendo, anandipatsa madzi. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Ndinatulutsa laisensi ndi kiyi n'kuziika pamphasa.

"Ndabwera kudzakutengani," ndinatero.

Anatenga laisensiyo, anayang'ana chithunzi changa nthawi yaitali, n'kuibweza pamphasa.

"Nyumbayo ili ndi zipinda zingati, bambo a Esinati?"

"Chimodzi. Ndi khitchini."

"Munda ulipo?"

"Ayi. Koma pali mpopi pafupi."

Anamanga mtolo wa fodya, anauika pambali, n'kutenga masamba ena.

"Pitani nokha," anatero. "Inu mwazolowera kumeneko, ife tazolowera kuno. Sindikukuthamangitsani. Mukafuna kukhala, malo alipo. Koma mukakwera basi ija, ndalama musatumizenso. Ndatopa kulandira ndalama za munthu amene sindikudziwa ngati ndili naye."

Tchuthi changa chinali cha masiku khumi. Ndinawatha ndikuyendayenda m'mudzi ngati nkhuku yachilendo, ndikuuza aliyense wofuna kumva za malipiro a dalaivala ndi lole yatsopano imene inkandidikira. Nabanda sanabwerezenso mawu ake. Tsiku lakhumi ndinavala jekete n'kupita kumsewu, Esinati atandinyamulira sutikesi pamutu. Tikudikira basi anandifunsa, maso ali pansi, ngati ndingamuuze tsiku lobwera kuti adzalilembe m'kope lake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma yankho limene linabwera, lakuti mvula ino yokha, ndinalidziwa kukoma kwake, ndipo ndinalimeza.

Basi itaima ndinakulunga kiyi m'kansalu pamodzi ndi kakalata kopita kwa aMwanza, kowauza kuti mapoto awiri ali m'nyumbamo atenge ndi awo. Ndinapatsa kondakitala, yemwe anandifunsa kawiri ngati sindikwera. Basi inapita. Esinati anasenzanso sutikesi, tinabwerera kumudzi iye ali patsogolo.

Laisensi ija ndinaidikira zaka zisanu ndi ziwiri. Sindinayendetse nayo lole ngakhale kuchoka pano kufika pachitsime.